Kodi bizinesi yoteteza ma netiweki ingamudyetse munthu kuno kwathu?

mphukira265
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalembapo, koma lero ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Ndinamaliza sukulu ya zamakompyuta, ntchito sikuoneka, ndiye ndinaganiza zoyamba yangayanga: kuika zipangizo zozindikira akuba akalowa pa netiweki ya ofesi. Ndinagula kakompyuta kogwiritsidwapo kale, ndaikamo Suricata, pulogalamu yoyang'anira zodutsa pa netiweki n'kuchenjeza, ndakalumikiza pa switch ya ofesi ina yaing'ono ya achibale mu Limbe, eni ake atavomera. Kakugwira ntchito ndithu, koma ma alert, machenjezo ake aja, akubwera ankhaninkhani tsiku lililonse moti sindikudziwa kuti woopsa ndi uti, wongosokosa ndi uti. Chachiwiri, ndayenda m'maofesi kukauza mabwana za ntchitoyi, yankho ndi limodzi paliponse: tili ndi antivirus kale, komanso ndani angabe kwa ife? Akuluakulu amene muli m'ntchito imeneyi, bizinesi iyi ilipo ku Malawi kuno kapena ndikungotaya nthawi? Ngati ilipo, munthu amayambira pati?

port8291
Tiyambe ndi phokosolo. Ma rule a Emerging Threats (ET), amene Suricata amazindikirira zoopsa, mwawayatsa onse? HOME_NET, pamene mumauza Suricata ma adiresi a netiweki yanu, mwaikonza kapena ili momwe inabwerera? Nanga port imene mukuchita mirror, kukopera zodutsapo kupita ku kakompyutako, ndi ya mkati mwa ofesi kapena ndi ija yochokera kwa okupatsani intaneti?

mphukira265
Onse ndinawayatsa achimwene, ndimaopa kuti ndikazimitsa ena chinachake chidutsa. HOME_NET sindinaikhudze. Mirror ndi ya chingwe chochokera kunja chisanalowe mu rauta.

port8291
Basi, vuto lapezeka. Kunja kwa rauta kuli makina osawerengeka padziko lonse amene ntchito yawo ndi kugogoda pa IP iliyonse usana ndi usiku, kuyesa port 22, 23, 445, 3389. Sakusaka inuyo, amagogoda paliponse. Mukatchera khutu kumeneko mumva onsewo, chikhalirecho firewall yawakaniza kale. Samutsani mirror ibwere mkati kuti muziona zimene zadutsa, komanso zimene makompyuta a mu ofesimo akulankhula potuluka. Mukakhala kunja kwa NAT simungadziwenso kuti ndi kompyuta iti yachita chinthu, zonse zimaoneka pa IP imodzi.

Mukatero, mu HOME_NET lembanimo ma subnet a ofesiyo okha. Ma rule ambiri a ET INFO ndi ET POLICY ndi ongokudziwitsani kuti wina watsegula Dropbox kapena zina zotero, si kuthyoledwa ayi. Osafunikawo muwazimitse kudzera mu disable.conf, obwerezabwereza muwachepetse mu threshold.config. Amene musawanyozere ndi a ET MALWARE, makamaka kompyuta ya mkati ikamaitana seva imodzimodzi yakunja pakangopita mphindi zofanana, ngakhale usiku anthu ataweruka. Chimenecho ndiye chizindikiro choti m'nyumba mwalowa mlendo.

madala_a_seva
A port8291 ayankha mbali ya makina, ine ndiyankhe ya ndalama. Mng'ono wanga, bizinesi ilipo, koma si imene mukuyenda nayoyo. Inu mukugulitsa kabokosi. Kabokosi kameneko aliyense wodziwa Linux akhoza kukakonza, pulogalamu yake ndi yaulere. Taonani makampani a alonda m'tauni muno: alamu amangoika kamodzi, chimene anthu amalipira mwezi ndi mwezi ndi galimoto ija imafika pageti alamu ikalira. Kwa ife ndi chimodzimodzi. Kasitomala amalipira munthu amene aziwerenga, azisiyanitsa chenicheni ndi phokoso, ndipo chenicheni chikabwera aimbe foni n'kunena chochita.

Ndikupatseni chitsanzo cha anthu a ndalama zawo. Mu 2013 sitolo za Target ku America anazibera manambala a makadi a makasitomala pafupifupi 40 miliyoni. Akubawo analowera kudzera kwa kontrakitala wokonza zoziziritsira. Target inali ndi makina odula ozindikira akuba a FireEye, ndipo makinawo analira ndithu. Oyang'anira ku Bangalore anaona, anatumiza uthenga kulikulu ku Minneapolis, koma palibe anachitapo kanthu nthawi ilipo.

Ndiye dzifunseni. Alert ikabwera 2 koloko usiku wa Lamlungu, aione ndani? Mukaiona mutani? Muli ndi chilolezo chothimitsa seva ya eni ake? Muli ndi nambala ya bwana amene angavomereze zimenezo? Mukakhala ndi mayankho a mafunso amenewa ndiye kuti katundu wogulitsa mwamupeza.

tux_wa_ku_Mzuzu
Madala, zomveka, koma mnyamata mmodzi angachezere usiku uliwonse chaka chonse? Kumeneko ndiye kulonjeza bodza.

madala_a_seva
Ndiye asalonjeze. Alembe mu kontrakiti kuti amayang'ana m'mawa ndi madzulo masiku a ntchito, ndipo ma alert oopsa kwambiri okha ndi amene amafika pa foni yake nthawi ina iliyonse. Kasitomala adziwe chimene wagula. Ndaona anyamata akulemba 24/7 pa kotesheni ali okhaokha, tsiku la tsoka litafika mbiri yawo inathera pomwepo, ndipo zimandipweteka chifukwa ena mwa iwo anali aluso kwambiri.

mayi_wa_maakaunti
Ine si wa makompyuta. Ndinalowa gulu lino chifukwa cha zimene zinatigwera kuntchito, ndiye ndilankhule ngati kasitomala uja akukukanani. Ife anatibera popanda kuthyola chilichonse chooneka. Inabwera imelo kuchokera ku adiresi yeniyeni ya kampani imene timaodako katundu kunja, m'munsi mwa makalata omwewo tinkalemberana, kunena kuti asintha banki, invoyisi tilipire ku akaunti yatsopano. Kalembedwe komweko, siginecha yomweyo. Tinalipira. Tinadzadziwa eni ake atafunsa kuti ndalama zawo zili kuti. Madola amene tinawadikira nthawi yaitali kubanki anapita choncho, ndipo bonasi ya antchito chaka chimenecho inapitira limodzi.

Pambuyo pake anabwera anyamata ndi makotesheni a firewall ndi zina. Aliyense ndinamufunsa funso limodzi: chinthu chanuchi chikanaletsa zimene zatichitikirazi? Mmodzi yekha ndi amene ananena chilungamo kuti ayi. Anatiuza kuti tikhazikitse lamulo loti wina akati wasintha akaunti ya banki, tiziimba kaye pa nambala yakale imene tikuidziwa, osati imene ili pa imeloyo. Anatiikiranso chitsimikizo chachiwiri cha pa foni polowa mu imelo. Ameneyo tili naye mpaka lero, ndipo zina zijazi tinadzagula kwa iye yemweyo.

A mphukira, mukalowa mu ofesi musayambe ndi mayina a mapulogalamu anu. Afunseni abwanawo kuti seva ya maakaunti itafa lero, malipiro a mwezi uno alipira bwanji. Muone ngati anenenso za antivirus.

mphukira265
Mayi zikomo kwambiri. Funso limenelo sindinafunsepo aliyense.

kabaza_wa_data
Njira yachidule ilipo aise. Khala panja pa ofesi yawo ndi laputopu, thyola WiFi, lowa, jambula mafayilo awo awiri atatu, kenako ukawaonetse. Tsiku lomwelo asaina. Amalawife sitikhulupirira tisanaone.

nyalugwe_IT
Ayi ayi ayi. A mphukira, zimenezi musayerekeze. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta kapena netiweki ya mwini popanda chilolezo, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi ndende.

kabaza_wa_data
Koma sakuba kanthu, akuwathandiza. Wakuba weniweni akanabwera kudzawauza?

nyalugwe_IT
Kukhoti akafunsa kuti chilolezo chili kuti, za mtima wanu sakafunsa. Mu 2019 ku Iowa ku America, akatswiri awiri a kampani ya Coalfire anapatsidwa ntchito ndi nthambi ya makhoti kuti ayese chitetezo cha nyumba za makhoti. Kontrakiti inalipo, kalata anali nayo m'thumba. Atalowa usiku m'nyumba ina ya khoti anawamangabe, chifukwa mkulu wa apolisi m'deralo anati nyumbayo si ya amene anasaina aja. Anagona m'chitolokosi, ndipo milanduyo inadzathetsedwa patapita miyezi. Amenewo ndi anthu a kalata. Nanga wopanda kalata?

Musanakhudze chilichonse cha kasitomala, pakhale pepala: ma IP ati, masiku ati, maola ati, zimene mukuloledwa ndi zimene simukuloledwa. Asaine ndi mwini kampani kapena amene ali ndi mphamvu, osati mnyamata wa IT amene munaphunzira naye. Ndipo ngakhale kwa achibale anuwo ku Limbe, lembani. Kabokosi kanu kakuona mawebusaiti amene antchito onse akutsegula. Mawa wina akachotsedwa ntchito chifukwa cha zimene inu munaona, kuvomera kwapakamwa kuja sikudzakutetezani.

kabaza_wa_data
Chabwino, pa lamulo ndagonja. Koma mfundo yanga ikadalipo, anthu ayenera kuona ndi maso.

port8291
Aone ndithu, koma atasaina. Ndipo simufunikanso kuthyola kanthu, kungoyendera ndi kokwanira. Ine ntchito yoyamba imene ndimagulitsa ndi imeneyo, kuyendera ofesi n'kulemba zimene ndapeza, pamtengo woti bwana sangaitanitse msonkhano kuti avomere.

Zimene mukapeze ndikuuziranitu. Rauta ya MikroTik imene anaika munthu wina zaka zapitazo, Winbox, polowera pokonza rautayo, ili yotsegukira dziko lonse, RouterOS sinasinthidwepo. Mu 2018 munapezeka bowo mu Winbox loti munthu amatha kutenga mapasiwedi a rauta asanalowe n'komwe. MikroTik anakonza mu April chaka chomwecho, koma patangopita miyezi yochepa ma rauta oposa 200,000, ambiri ku Brazil, anali atagwidwa chifukwa eni ake sanaike update. Mukapeza DVR ya makamera ili ndi pasiwedi ya kufakitale. Pulogalamu yoipa ya Mirai mu 2016 inagwira makamera ndi ma rauta ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 okha. Mukapeza Windows 7 pa kompyuta ya kashiya, pamene Microsoft inasiya kuikonza mu January 2020, ndipo Windows 10 nayo nthawi yake inakwana mu October 2025. Mukapeza Office yothyola imene inabwera ndi zinthu zake. Mukapeza akaunti ya munthu amene anasiya ntchito kalekale ikugwirabe. Mukapeza RDP yotsegula kuti abwana azilowa mu seva ali kunyumba. Ndipo backup, ngati ilipo, ndi hard drive imene imakhala yolumikizidwa ku seva yomweyo nthawi zonse, kutanthauza kuti ransomware, pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ikabwera itseka zonse ziwiri.

Zonsezi IDS, makina ozindikira akuba aja, sizikonza. Ikhoza kungokuuzani kuti zavuta. Konzani zimenezi kaye, mulandire ndalama yake, ndiye muwauze kuti tsopano pakufunika diso loyang'ana mwezi ndi mwezi. Lipoti lanu likhale masamba awiri, m'chilankhulo cha abwanawo.

wa_ku_Chipata
Kuno ku Zambia lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes la 2021 linabweretsa zoti wogulitsa ntchito zoterezi akhale ndi laisensi. Funsani ku MACRA za kwanuko musanasindikize makadi a bizinesi. Ndipo amene akuti ndani angabe kwa ife muwakumbutse kuti mu 2022 gulu la akuba a pa intaneti la Hive linalowa mpaka mu Bank of Zambia.

gulugufe_wa_25
Tipitirenji kutali? February 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti ku Immigration athyoledwa ndipo akubawo akufuna dipo. Anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti, ena maulendo a sukulu ndi a kuchipatala anasokonekera.

kabaza_wa_data
Zija ena anatsutsa, amati unali mkangano ndi kampani imene inkayendetsa makinawo.

gulugufe_wa_25
Inu nthawi zonse mumakhala ndi yanu. Ndiye mukuti ananama?

woyang'anira_gulu
Abale, ndale pano ayi. Tibwerere ku funso la mphukira.

nyalugwe_IT
Popanda kulowa ndale, kaya zinali ziti, funso lake kwa ofesi iliyonse ndi lomweli: mapasiwedi a admin ali m'manja mwa ndani, ndipo backup imene mungadzutsire zonse popanda kupempha munthu ili kuti?

madala_a_seva
Ndiwonjezere kuti zitsanzo za mabanki akuluakulu sizimugwira mtima mwini hadiweya wa mu Limbe. Amangoti aja ali ndi ndalama, ife tilibe. Chomuuza ndi chimene a port8291 anena kumayambiriro, kuti akuba ambiri sasankha, makina awo amalowa pamene papezeka potsegula, ndipo mwini wake amamudziwa atalowa kale. Ransomware ya WannaCry mu May 2017 sinasankhe zipatala za NHS ku Britain, inangopeza makompyuta amene sanaike update imene Microsoft inatulutsa mu March.

tux_wa_ku_Mzuzu
Palibe amene wanenapo za magetsi, pamene kuno ndiye mdani woyamba wa kabokosi kameneko. Magetsi akathima kamafa, akabwera sikadzuka kokha pokhapokha mutakonza mu BIOS kuti kaziyaka kokha. Mukhoza kukhala masiku mukuganiza kuti kuli bata, chonsecho kanazima. Ikani chinthu choti kazikutumizirani chizindikiro pafupipafupi, chikasiya kubwera foni yanu ilire. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kakatha, wotchi imabwerera m'mbuyo ndipo ma log onse amakhala ndi nthawi yabodza, tsiku lofufuza simungawagwirizanitse ndi a seva. NTP yokonza wotchi ndi UPS yosunga magetsi si zokongoletsa. Ndipo chonde poyamba musakaike pakati pa chingwe kuti kaziletsa. Kakafa, ofesi yonse ilibe intaneti, ndipo dzina lotchulidwa ndi lanu.

gulugufe_wa_25
Pa UPS pomwepo, mabatire a gel akungotha msanga masiku ano. Alipo wayesapo lithium pa inverter yaing'ono?

wa_ku_Chipata
Lithium ndi yabwino koma onetsetsani kuti inverter yanu imadziwa kuitchaja. Zambiri zakale zinapangidwira lead acid.

tux_wa_ku_Mzuzu
Gel imafa msanga chifukwa timaikhetsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku. Osapitirira theka ngati mukufuna ikhalitse.

gulugufe_wa_25
Theka ndi maola a kuthima kwathu kuno? Ndiye kugula mabatire awiri pamene pamafunika limodzi.

wa_ku_Joni
Ndibwerere ku funso loti makasitomala ali kuti. Kuno ku South Africa ndinaona ndi maso momwe msika unasinthira. Kale tinkachita kuwanyengerera. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA litayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo mwezi womwewo Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji, itagwidwa mpaka ntchito m'madoko ngati Durban kusokonekera, mabwana anayamba kuimba okha. Chimene chimatsegula chikwama cha bwana si mantha okha ayi, ndi pepala limene wina akumufunsa: lamulo, ma auditor, a inshuwalansi, kapena kampani yaikulu imene amaigulitsa katundu.

Kumudziko tsopano kuli Data Protection Act ya 2024. Ndiye musayende chisawawa khomo ndi khomo. Pitani kwa amene amasunga zinsinsi za anthu ndipo ali ndi wowafunsa: ma SACCO, mabungwe obwereketsa ndalama, zipatala zapulayiveti, sukulu zapulayiveti, mabungwe omwe si aboma amene opereka thandizo amawafunsa za chitetezo cha data. Mabanki akuluakulu asiyeni kaye, ali ndi magulu awoawo ndipo kampani yatsopano sangaipatse makiyi.

nyalugwe_IT
Zoona, ndipo amene anapatsidwa udindo woyang'anira lamulo limenelo ndi MACRA. Kumeneko kulinso mwCERT, kokanena zikachitika. Werengani lamulolo nokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Munthu amene angamuuze manejala wa SACCO m'Chichewa chomveka kuti lamuloli likufuna chiyani kwa iye, ameneyo wapeza khomo lolowera.

mphukira265
Nanga za ma certificate? Ena akuti popanda CEH, certificate ya othyola makina movomerezeka, palibe angandimvere.

mchewa_wa_ku_Leeds
Ine ndinena zimene ena sakonda. Kagwireni kaye ntchito pansi pa munthu wina. Ine ndimagwira mu SOC kuno, gulu loyang'anira chitetezo cha ma netiweki, ndipo zimene ndinaphunzira pokhala pafupi ndi anthu amene anazimitsapo moto weniweni palibe kosi imene ikanandipatsa. Tsiku loyamba kuona ransomware lisakhale tsiku limene kasitomala akukuyang'anani inu nokha, malipiro a anthu ali mu seva yotsekedwa. Za mapepala: Security+ ndi poyambira pabwino. OSCP ndi mayeso a maola 24 othyola makina enieni, amalemekezeka koma ndi a mbali ina, osati yoyang'anira. CISSP imafuna zaka zisanu za ntchito, ndiye iiwaleni kaye. CEH imathandiza pa ma tenda chifukwa olemba ma tenda amaidziwa dzina, koma siikuphunzitsani kuwerenga log.

kabaza_wa_data
Kagwireni ntchito kuti? Mnyamata wanena kuti ntchito kulibe. Kulankhula uli ku Leeds n'kosavuta.

mchewa_wa_ku_Leeds
Ndikudziwa achimwene, ndinachoka kumudzi chifukwa chomwecho ndipo sindikunyoza. Koma ngakhale ntchito yokoka zingwe ndi kukonza ma printer pa kampani yopereka intaneti ndi sukulu. Ngati imeneyonso palibe, apeze wamkulu woti azimuimbira zikavuta, ndipo agwirizane zogawana ndalama. Chimene ndikukana ndi kuyenda yekha.

madala_a_seva
Apa ndili pakati. Kudikira ntchito kukhoza kudya zaka. Ayambe, koma ayambe ndi zimene angathe kuzikwanitsa: kuyendera, backup, ma update, mapasiwedi, kuphunzitsa antchito kuzindikira imelo yachinyengo. Za kuzimitsa moto aziitana ife mpaka atakhwima. Ndipo mng'ono wanga, samalani ndi chilichonse chimene laisensi yake ndi ya madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Amene anasainira kasitomala mtengo wa chaka chonse m'makwacha, firewall yake ikulipiridwa m'madola, analira. Kupeza madolawo ndi nkhani inanso. Pa kotesheni lembani kuti mtengo ndi wa masiku ochepa okha, zipangizo kasitomala alipiriretu, ndipo mu kontrakiti muike ndime yoti kwacha ikagwa mukambirananso. N'chifukwa chake mapulogalamu aulere ngati pfSense, OPNsense, Suricata ndi Wazuh ndi abwenzi athu kuno.

Mapepala a bizinesi musawazengereze: kulembetsa bizinesi ku boma, TPIN ku MRA, akaunti yakeyake ya bizinesi. Kampani yolongosoka siingalipire pa nambala yanu ya foni. Za ma tenda a boma zimafuna kulembetsa ku PPDA komanso thumba lotha kudikira, ndiye yambani ndi apulayiveti.

tux_wa_ku_Mzuzu
Pa Wazuh ndikugwirizana nazo kwambiri. Masiku ano pafupifupi chilichonse chimayenda mobisika mu TLS, ndiye Suricata amaona kuti kompyuta yalankhula ndi ndani, dzina la seva, DNS, kuchuluka kwa data, koma za mkati saona. Wazuh amakhala mu kompyuta momwemo, amaona wina akamayesa mapasiwedi mobwerezabwereza, akaunti yatsopano ya admin ikapangidwa, fayilo yofunika ikasinthidwa. Onjezerani Zeek kuti muzisunga mbiri ya kulumikizana konse. Tsiku lofufuza mudzathokoza conn.log ndi dns.log kuposa alert iliyonse. Koma RAM imafunika, kakompyuta kanu kakaleko sikanyamula zonsezi.

gulugufe_wa_25
Koma abale, tizingokhala oika zinthu za eni mpaka liti? Martin Roesch analemba Snort, pulogalamu yofanana ndi Suricata, mu 1998 ali yekha, anayambitsa Sourcefire mu 2001, Cisco inadzagula mu 2013 pa madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Bwanji mwana wa ku MUST kapena ku MUBAS osapanga chake?

port8291
Apange ndithu, ine ndingakondwe. Koma onani kuti Snort yeniyeniyo inakhalabe yaulere. Ndalama zinachokera ku zozungulira: makina okonzeratu, poyang'anira, ma rule atsopano, thandizo. Ndi zomwe madala akunena zija. Ndipo ngati tikufuna chathuchathu, tisapikisane ndi Cisco. Tiyang'ane zimene iwo sadziwa: mauthenga achinyengo a m'Chichewa onamizira kuti ndalama zalowa molakwika pa foni, kuba nambala ya munthu posinthitsa SIM, chinyengo cha mkati mwa SACCO. Pamenepo mwana wa kuno ali patsogolo.

mayi_wa_maakaunti
Ndibwerenso kamodzi, chifukwa pali chinthu chimene akatswiri simukuchitchula mokwanira. Ife timaopanso inuyo. Tikakupatsani mapasiwedi, mukuona malipiro a aliyense, ngongole za kampani, makalata a abwana. Blantyre ndi yaing'ono. Nkhani imodzi ikangomveka kumowa kuti kampani yakuti inaberedwa, ndipo n'kudziwika kuti yachokera kwa inu, palibenso adzakuitaneni. Mnyamata wathu uja anatipatsa envelopu yomata ya mapasiwedi onse a admin kuti ikhale mu sefa ya abwana, ndipo analemba kuti tsiku limene tidzasiyane adzatisiyira zonse. Amene analipo poyamba anachoka ndi pasiwedi ya rauta, tinachita kumupempha ngati katundu ndi wake. Zimenezi kwa ife ndi zazikulu kuposa certificate.

tux_wa_ku_Mzuzu
A mphukira, za usiku zija, ngati mupeze makasitomala awiri atatu tikhoza kumasinthana. Ine ndili ndi anga kuno, mavuto ake ndi omwewo. Tilemberane kumbali, koma makasitomala adziwe ndipo avomere kuti pali munthu wachiwiri woona ma log awo.

mphukira265
Ndavomera achimwene, ndikulemberani. Pepala la chilolezo achibale aja asaina. Ndasamutsa mirror, ndakonza HOME_NET, ndazimitsa INFO ndi POLICY zosafunika. Phokoso latsika kwambiri, tsopano ndikutha kuwerenga. Koma pali chimodzi chikundidetsa nkhawa. Kompyuta ya ku resepushoni ikuitana IP imodzi yakunja pafupipafupi usiku wonse, ndipo alert yake ndi ya ET MALWARE. Antivirus yake ikuti zonse zili bwino. Ndiipange format?

port8291
Musaipange format, mufufuta umboni wonse. Musaithimitsenso. Imbirani eni ofesi pompano muwauze, kenako zulani chingwe cha netiweki ndi kuzimitsa WiFi yake, kompyutayo ikhale yoyaka. Lembani nthawi imene mwachita chilichonse. Sungani eve.json, log ya Suricata, pamalo ena, muone ngati pali kompyuta ina imene yalankhulapo ndi IP yomweyo, komanso ngati ya ku resepushoniyo yakhala ikugogoda pa seva kudzera pa 445 kapena 3389.

nyalugwe_IT
Mapasiwedi onse amene analembedwapo pa kompyuta imeneyo asinthidwe, kuyambira imelo ndi banki, koma posintha gwiritsani ntchito kompyuta ina yoyera. Backup ya dzulo ichotsedwe pa seva isungidwe payokha. IP imeneyo musaiike pagulu pano.

mayi_wa_maakaunti
Ndipo auzeni a maakaunti kumeneko kuti asalipire invoyisi iliyonse ya pa imelo asanaimbe foni, mpaka mutamaliza.

madala_a_seva
Nditumizireni nambala yanu kumbali mng'ono wanga. Ndili mu Blantyre momwemo, mawa m'mawa ndidzera ku Limbe ndi hard drive yopanda kanthu, titenge kope ya disk yonse tisanakhudze china chilichonse.